Maliro timawakonzekera, nanga matenda aakulu?

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhulepo kudzera m'nyuzipepala yanu pa nkhani imene yandisowetsa mtendere kwa zaka ziwiri tsopano, kuchokera tsiku limene alamu anga anagwa m'bafa m'mamawa akukonzekera kupita kuntchito, n'kukatsitsimukira m'chipatala mkono ndi mwendo wakumanja zitafa, pakamwa patapotoka, mawu osatuluka. Madokotala anati ndi sitiroko, ndipo gwero lake linali kuthamanga kwa magazi kumene anakhala nako nthawi yaitali osadziwa. Alamu angawo ali moyo mpaka lero, ndipo tikuthokoza Mulungu, koma zimene banja lawo ladutsamo zandionetsa kuti ife Amalawi tili ndi luso lalikulu lokonzekera maliro, pamene matenda aakulu amene munthu amapulumuka koma osabwereranso pantchito sitiwakonzekera n'komwe.

Ndikunena izi ngati munthu amene wasunga buku la ndalama la komiti yoona za matenda ndi maliro pampingo pathu kwa zaka zingapo. Uthenga wa zovuta ukangomveka, zinthu zimayenda zokha: amayi amasonkha ufa ndi nkhuni, abambo amathamangira bokosi ndi galimoto, adzukulu amalawirira kumanda, akwaya amachezera pasiwa, ndipo mbale ya chipepeso imazungulira mpaka mwambo wonse utatha. Kuntchito nako abwana amadziwa udindo wawo, ndipo masiku ano mabanja ambiri a m'tauni amadulitsa kandalama mwezi ndi mwezi ka inshuwalansi ya maliro. Koma munthu akadwala matenda a mgonagona, timapita kukamuzonda sabata yoyamba ndi yachiwiri titanyamula nthochi ndi botolo la Sobo, timapemphera naye, kenaka aliyense amabwerera ku mavuto ake. Pofika mwezi wachitatu pakhomo pamangoti zii, chonsecho apa m'pamene ndalama zimayamba kufunika zenizeni. Sindikudzudzula munthu, chifukwa inenso ndachitapo zomwezo. Maliro ndi a masiku awiri kapena atatu, pamene sitiroko kapena khansa imatenga miyezi ngakhale zaka, ndipo palibe mbale ya chopereka imene ingazungulire nthawi yonseyo.

Alamu anga ankayendetsa galimoto pakampani ina. Lamulo la ntchito la chaka cha 2000 limati munthu amene watha miyezi 12 pantchito ali ndi ufulu wa tchuthi cha matenda cha milungu inayi akulandira malipiro onse, ndi milungu ina isanu ndi itatu akulandira theka. Kampaniyo inatsata lamulo bwinobwino, inawonjezaponso pang'ono mwa chifundo chabe, koma milungu 12 ndi yochepa kwambiri kwa munthu amene akuphunziranso kugwira supuni ndi kutchula mayina a ana ake. Chipukuta misozi cha ovulala pantchito sichinawakhudze, poti anagwera kunyumba. Inshuwalansi ya moyo imene anawalembetsa kuntchito inali kudikira imfa yawo. Usiku wina mlongo wanga, atatopa ndi kuwerengera ngongole, anandinong'oneza kuti mwamuna wake akanamwalira tsiku lija, bwenzi ana onse akadali pasukulu, ndipo atangotero analira kwambiri chifukwa cha manyazi ndi mawu ake omwe. Ine sindinamuyese woipa mtima, chifukwa masamu ake anali oona.

Anthu ena amati kuchipatala cha boma n'kwaulere, ndiye ndalama zikufunika zachiyani. Amene amatero sanadwazikepo. Munthu wofa ziwalo sakwera minibasi kapena kabaza, choncho ulendo uliwonse wa kumafizo umafuna galimoto yahayala, ndipo malo othandiza anthu otere, monga Kachere mumzinda wa Blantyre, ali kutali ndi anthu ambiri. Pamafunika njinga ya olumala, matewera a akuluakulu, chakudya chofewa chosiyana ndi cha ena onse, komanso mankhwala a kufamase tsiku limene kuchipatala atha. Koposa zonsezi pali gadiyani. Mlongo wanga ankagulitsa kaunjika pamsika, ndipo atakhala pafupi ndi bedi la mwamuna wake miyezi iwiri, mpamba wonse unadyedwa. Motero matenda a munthu mmodzi anaimitsa ndalama za anthu awiri. Anayamba ndi ngongole ya kubanki m'khonde, kenaka katapila, kenaka anagulitsa puloti imene anagula kuti adzamange nyumba yopumiramo ntchito, ndipo pomaliza mwana woyamba anachoka kusukulu yogonera komweko n'kubwerera kusukulu yoyendera.

Mabungwe olipirira anthu kuchipatala, monga MASM, amagwira ntchito yofunika, ndipo amene angakwanitse alowemo. Koma ntchito yawo ndi kulipira dokotala, bedi, zoyeza ndi mankhwala mpaka pa mlingo umene munagwirizana, ndipo ndalamayo imapita kuchipatala. Lendi, fizi, magetsi, thumba la chimanga ndi ngongole ya kubanki sizili m'pangano lawo, ndipo sanalonjezepo kuti adzalipira zimenezo. Mpata umene watsala pamenepa ndiwo umene inshuwalansi ina yapadera, imene m'zikalata za Chingerezi amaitcha critical illness cover kapena dread disease cover, inapangidwira kuti itseke.

Chimene chinandichititsa chidwi n'chakuti maganizo amenewa sanachokere kwa munthu wa zamalonda, ndiponso sanachokere ku Ulaya kapena ku America. Anachokera kwa dokotala wa mu Africa momwemuno, Marius Barnard wa ku South Africa, mng'ono wake wa Christiaan Barnard, amene pa 3 Disembala 1967 anatsogolera madokotala pachipatala cha Groote Schuur ku Cape Town posamutsa mtima wa munthu n'kuuika mwa munthu wina koyamba padziko lonse. Marius anali nawo m'gulu la madokotala amenewo. M'zaka zotsatira anaona kuti anthu amene iye ankawapulumutsa ndi mpeni ankakafera kunyumba ndi umphawi ndi nkhawa. Ankakonda kusimba za mayi wina wa ana awiri, wopanda mwamuna, amene anamuchita opaleshoni ya khansa ya m'mapapo, ndipo mayiyo anabwerera kuntchito bala lisanapole bwino chifukwa panalibe wina wodyetsa anawo, nagwirabe ntchito mpaka atatsala pang'ono kumwalira. Inshuwalansi yake ya moyo inalipira iye atapita kale. Dokotalayo anayenda m'makampani kuwanyengerera, ndipo mu 1983 kampani ya Crusader Life inayamba kugulitsa pangano loyamba la mtundu umenewu, lokhudza zinthu zinayi zokha: khansa, sitiroko, kutsekeka kwa mtsempha wodyetsa mtima, ndi opaleshoni yolambalalitsa magazi pa mitsempha ya mtima yotsekeka.

Kayendetsedwe kake n'kosavuta kumva. Munthu amapereka kandalama mwezi uliwonse, ndipo dokotala akatsimikiza kuti wapezeka ndi amodzi mwa matenda olembedwa m'pangano, kampani imamupatsa ndalama yonse imene anagwirizana nthawi imodzi, m'manja mwake, iye ali moyo. Safunsidwa malisiti a kuchipatala, ndipo palibe womuuza chochita nayo. Akhoza kubweza ngongole ya nyumba, kulipiriratu fizi ya zaka ziwiri, kulemba munthu woyang'anira wodwala kuti mkazi abwerere kugeni, kapena kulipira ulendo wokaonana ndi dokotala wa kutali. Akapanda kudwala mpaka pangano kutha, kawirikawiri ndalama zimene anapereka sizibwerera, monga mmene zimakhalira ndi inshuwalansi ya galimoto imene sinachite ngozi, ndipo n'kofunika kuti munthu adziwiretu zimenezi kuti asadzati anamubera. Abale athu amene ali ku Britain angachitire umboni kuti kumeneko, ngakhale chithandizo cha m'zipatala za boma (NHS) salipira, anthu ambiri amagulabe inshuwalansi imeneyi makamaka pamene akutenga ngongole yogulira nyumba, chifukwa amadziwa kuti banki simva zoti munthu ali pa mankhwala a khansa.

Kale tinkati awa ndi matenda a azungu ndi a anthu onenepa a m'maofesi. Kafukufuku amene unduna wa zaumoyo unachita pamodzi ndi bungwe la WHO mu 2009 anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu alionse a zaka zapakati pa 25 ndi 64 m'dziko muno anali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ndipo ochuluka zedi mwa iwo sankadziwa kapena sankamwa mankhwala. Vutoli analipeza kumudzi ndi m'tauni momwe. Pa khansa ya khomo la chiberekero ndi khansa ya kum'mero, Malawi ali m'gulu la mayiko amene akhudzidwa kwambiri padziko lonse. Kwa zaka zambiri odwala ofunika kuwotcha khansa ndi makina ankayenera kupita ku Zambia, Tanzania, Kenya kapena India, ndipo ambiri ankamwalira akudikira. Tsopano zinthu zayamba kusintha, poti mu 2024 chipatala cha khansa chimene si cha boma chinatsegulidwa ku Blantyre, ndipo cha boma pa Kamuzu Central ku Lilongwe nacho chinatsegulidwa mu 2025. Imeneyi ndi nkhani yokoma, koma ikutanthauzanso kuti anthu ochuluka adzakhala moyo miyezi yambiri ali pa chithandizo, osagwira ntchito, akuyenda maulendo ataliatali kuchokera ku Karonga, Nsanje kapena Mangochi pamodzi ndi gadiyani. Mankhwala olowetsa m'mitsempha aja odwala amangoti kemo amaperekedwa kangapo, nthawi zambiri motalikirana milungu itatu, ndipo munthu wolandira maulendo asanu ndi limodzi amakhala atapitirira kale tchuthi chonse chimene lamulo limamupatsa.

Komabe, Akonzi, sindinalembe kalatayi kuti ndiuze anthu kuti athamangire kukasaina. Nditaona za alamu anga ndinayamba kuwerenga zikalata za mapangano oterewa mmene amalembedwera m'mayiko osiyanasiyana, ndipo ndinapeza kuti mawu oti khansa kapena sitiroko m'kamwa mwa dokotala ndi ena, m'chikalata cha inshuwalansi ndi enanso. Mapangano ambiri salipira khansa imene yapezeka idakali pamwamba isanalowerere m'mnofu, salipira mitundu ina ya khansa ya pakhungu, salipira kasitiroko kakang'ono kamene zizindikiro zake zimatha pasanathe maola 24, ndipo salipira kupweteka kwa pamtima kumene sikunaphe mbali ya mnofu wa mtima. Ena amafuna kuti kufa kwa ziwalo kukhale kwapitirira nthawi yakutiyakuti asanavomere kuti ndi sitiroko yolipiridwa. Munthu amene anangomva ejenti akunena kuti khansa iliyonse timalipira, akhoza kudzakhumudwa pa tsiku limene alibe mphamvu zokangana ndi munthu.

Apa m'pamene ndikufuna kukhazikikapo, chifukwa matanthauzo amenewa analembedwa poyang'ana matenda ndi zipatala za kwina. Taganizirani za mayi amene wamvera uphungu wa azaumoyo, wapita kukayezetsa khomo la chiberekero ndi njira ya viniga ija imene imachitika m'zipatala zathu, ndipo apezeka ndi zizindikiro zoyambirira. Ameneyu wachita bwino, adzachira, ndipo mwina ndalama yaikulu saifunadi. Koma mnzake amene wapezeka ndi khansa yeniyeni ayenera kubweretsa umboni wa kanyama kodulidwa n'kupimidwa ndi katswiri wa mu labotale, ndipo akatswiri otere m'dziko muno ndi owerengeka, zotsatira zake zimatenga nthawi, ndipo odwala ena amayamba chithandizo kapena kumwalira pepalalo lisanatuluke. Wodwala sitiroko amafunsidwa chithunzi cha ubongo cha makina a CT kapena MRI, zimene sizipezeka pachipatala wamba cha paboma. Wodwala mtima amafunsidwa pepala la ECG, loonetsa kagundidwe ka mtima, ndi zotsatira za magazi zoonetsa kuti mnofu wa mtima wawonongeka, ndipo magaziwo ayenera kutengedwa m'masiku oyambirira. Mphunzitsi wa kusukulu ya kumudzi amene wagwa Loweruka usiku, n'kuthandizidwa ndi dokotala wamng'ono pachipatala chapafupi, umboni umenewo adzautenga kuti? Ngati kampani ikutenga ndalama kwa munthu wa ku Chitipa kapena ku Neno, iyenera kulemba m'pangano kuti idzavomera umboni umene munthu wa kumeneko angathe kuupeza, kapena kuti idzalipira yokha ulendo ndi zoyeza zimene ikufuna.

Palinso nkhani ya HIV imene sitingailambalale. Mapangano akale a kunja ankalemba poyera kuti salipira khansa ya Kaposi ndi khansa ina ya m'maanabele ngati munthuyo ali ndi kachilombo. Kumeneko chinali chinthu chaching'ono chokhudza anthu ochepa, koma kuno Kaposi ndi imodzi mwa khansa zofala kwambiri, ndipo anthu pafupifupi miliyoni imodzi ali ndi kachilomboka, ambiri mwa iwo akumwa ma ARV mokhulupirika, akugwira ntchito ndi kulera ana ngati wina aliyense. Chiganizo chotere chikangokoperedwa n'kuikidwa m'pangano la ku Malawi, ndiye kuti chatsekera kunja gawo lalikulu la anthu amene akulipira. Aliyense wofuna kugula afunse funso limeneli mosachita manyazi, ndipo yankho alione lolembedwa, asangolimva pakamwa.

Kumbali ya ife ogula, vuto lathu lalikulu ndi kubisa. Fomu imafunsa ngati munapezekapo ndi BP kapena shuga, ngati mumasuta fodya, ngati makolo anu anadwalapo matenda a mtima, ndipo munthu amayesedwa kuti alembe ayi ponseponse kuti mtengo utsike, nthawi zina molimbikitsidwa ndi wogulitsa amene akuthamangira komishoni yake. Tsiku lokatenga ndalama kampani imaitanitsa buku lanu la kuchipatala, ndipo ikapezamo kuti zaka zitatu zapitazo analembamo mankhwala a BP, ili ndi mphamvu yokana kulipira chifukwa munabisa. Kuli bwino kunena zoona, mtengo ukwere pang'ono kapena nthenda imodzi ichotsedwe, kusiyana ndi kulipira zaka khumi pangano limene linafa tsiku losaina. Fomuyo munthu adzaze yekha kapena amuwerengere funso lililonse, ndipo asunge kope lake. Adziwenso kuti pamakhala nthawi yodikira pachiyambi, kawirikawiri miyezi ingapo, imene matenda akapezeka salipira, ndiponso kuti mapangano ambiri amafuna kuti wodwala akhale moyo masiku ena, monga 14 kapena 30, kuchokera pamene matenda apezeka. Afunsenso ngati ndalama ya matendayo ili payokha kapena idzachotsedwa pa ndalama ya inshuwalansi ya moyo, chifukwa pena munthu akalandira ali moyo, zotsalira ana amasiye zimachepa ndi mlingo womwewo.

Chinthu china chimene abale athu a ku Britain sachiganizira kwambiri koma ife sitingachiiwale ndi kugwa kwa kwacha. Mu Meyi 2022 ndalama yathu inagwetsedwa ndi 25 peresenti, ndipo mu Novembala 2023 inagwetsedwanso ndi 44 peresenti, kuchoka pa makwacha pafupifupi 1,180 kufika pa 1,700 pa dola imodzi. Tingoyerekeza munthu amene pangano lake linali la K10 miliyoni: dzulo lake ndalamayo inali pafupifupi madola 8,500, m'mawa mwake inatsala pafupifupi madola 5,900, iye osalakwa kanthu. Popeza mankhwala a khansa, zipangizo ndi matikiti a ndege zimatsata dola, pangano la zaka 15 kapena 20 limene ndalama yake siikwera chaka ndi chaka lidzafika pongogula njinga ya olumala basi. Wogula afunse ngati ndalamayo imakwezedwa chaka chilichonse, ndi kuti chopereka chake cha pamwezi chidzakwera motani, kuti asadzalephere kulipira atafika zaka 55, pamene chiopsezo cha matendawa chakula.

Ndikudziwa kuti owerenga ambiri afika pano akuti bambo ameneyu akulankhula za anthu a malipiro, ife tikusowa ndi ya sopo yomwe. N'zoona, ndipo sindingauze mlimi wa ndime imodzi kapena mayi wogulitsa mandasi kuti asiye kugula feteleza n'kulipira inshuwalansi. Kwa iyeyo chanzeru choyamba ndi chaulere: kuyezetsa BP pamene wapita kuchipatala, kumwa mankhwala osadukiza akapezeka nayo, kuchepetsa mchere, kuyezetsa khomo la chiberekero, ndi kulola ana aakazi kulandira katemera wa HPV, woteteza ku khansa ya khomo la chiberekero, amene boma linayamba kupereka m'dziko lonse mu 2019. Alamu anga akanayezetsa BP kamodzi kokha pachaka, mwina kalatayi sindikanalemba. Koma pakati pa osaukitsitsa ndi olemera pali khamu lalikulu la aphunzitsi, anamwino, apolisi, madalaivala, alonda, ogwira ntchito m'minda ya tiyi ku Thyolo ndi Mulanje ndi m'minda ya nzimbe ku Nchalo ndi Dwangwa, amene amadyetsa anthu khumi ndi malipiro amodzi. Amenewa ndiwo amagwa kuchoka pamwamba mpaka pansi matenda akabwera, ndipo akagwa amagwetsa onse amene ankawadalira.

Kwa anthu amenewa njira imene ndikuiona ndi ya pagulu. Munthu akapita yekha kukampani mtengo umakwera ndipo amamuyeza zambiri, koma anthu mazana angapo akalowa pamodzi kudzera kuntchito, kumgwirizano wa ogwira ntchito kapena ku SACCO, mtengo wa munthu mmodzi umatsika, chifukwa kampani imadziwa kuti si odwala okhaokha amene abwera. Maziko ake alipo kale. Lamulo la penshoni limene linayamba kugwira ntchito mu 2011 linakakamiza olemba anthu ntchito kuti, kuwonjezera pa kusonkha penshoni, azigulira antchito awo inshuwalansi ya moyo yosachepera malipiro a chaka chimodzi. Ngati tinavomereza kuti banja la wantchito womwalira liyenera kulandira malipiro a chaka, n'chifukwa chiyani banja la wantchito amene wafa ziwalo, limene likudyetsa ndi kusamalira munthuyo tsiku ndi tsiku, lisalandire ngakhale theka lake? Atsogoleri a mabungwe a ogwira ntchito akamakambirana ndi mabwana za malipiro, aikeponso nkhani imeneyi patebulo. Ma SACCO ambiri amakhululuka ngongole ya membala akamwalira kudzera mu inshuwalansi ya ngongole, ndipo mamembala ali ndi ufulu wofunsa pamsonkhano wa pachaka kuti chitetezo chomwecho chifikenso kwa amene wagwidwa ndi khansa kapena sitiroko.

Pempho langa lina likupita kwa woyang'anira mabungwe a zachuma, amene mwa lamulo ndi Gavanala wa Reserve Bank of Malawi, ndipo ndiye amapereka ziphaso kumakampani a inshuwalansi ndi kulandira madandaulo a anthu amene sanakhutire ndi yankho la kampani. Ku South Africa, atatopa ndi mikangano ya matanthauzo, bungwe la makampani la ASISA linakhazikitsa mu 2009 matanthauzo ofanana a matenda anayi aakulu aja, n'kugawa nthenda iliyonse m'magawo anayi a kukula kwake, ndipo kampani iliyonse imaonetsa poyera gawo la ndalama limene imalipira pa mlingo uliwonse. Motero wogula akhoza kuika mapepala awiri pambali n'kuona kusiyana kwake. Ifenso tikufunika chotere, koma cholembedwa mothandizana ndi madokotala athu a ku Queens, Kamuzu Central, Zomba ndi Mzuzu, amene akudziwa matenda amene akupha anthu kuno ndi zoyezera zimene zilipo. Ndipo tsamba limodzi lofotokoza zimene pangano limalipira ndi zimene sililipira lilembedwe m'Chichewa ndi m'Chitumbuka, m'zilembo zazikulu zoti agogo awerenge opanda mandala. Munthu amene amatha kumva malamulo a banki m'khonde, kuwerengera chiwongoladzanja ndi kugawa masheya kumapeto a chaka sangalephere kumva inshuwalansi ikafotokozedwa m'chinenero chake.

Pampingo ndinakumana ndi chotsutsa china chimene sindinachiyembekezere. Nditatchula nkhaniyi pamsonkhano wa komiti, mkulu wina anati kulipira ndalama podikira khansa n'kudziitanira tsoka, ndipo n'kuchepa kwa chikhulupiriro. Ndinawayankha mwaulemu kuti komiti yathu yomweyo imasunga ndalama ya mabokosi chaka chonse, ndipo palibe amene ananenapo kuti tikuitana imfa. Anaseka, koma sanagonje, ndipo ndikudziwa kuti maganizo amenewa ali mwa anthu ambiri amene safuna ngakhale kutchula dzina la matendawa. Titakambirana kwa miyezi ingapo tinagwirizana kanthu kakang'ono: pa ndalama iliyonse imene mabanja amasonkha mwezi ndi mwezi, gawo lina tsopano limapita m'thumba lapadera la odwala nthawi yaitali, ndipo thumba limeneli siliyamba kupereka sabata yoyamba pamene ozonda ali ambiri, koma kuyambira mwezi wachitatu. Si inshuwalansi yeniyeni, ndipo anthu atatu atadwala nthawi imodzi likhoza kuuma, n'chifukwa chake ndikuti ntchito yaikulu ndi ya makampani, olemba ntchito ndi boma.

Alamu anga tsopano amayenda ndi ndodo kuchoka kuchipinda kufika pakhonde, ndipo mawu abwerera moti amatha kutsogolera pemphero lalifupi la madzulo. Chiwongolero sadzagwiranso. Mlongo wanga wayambiranso kaunjika ndi belo la theka limene tinamusonkhera pachibale, ndipo katapila uja anatha kubweza mwezi wa Epulo. Puloti ija anaigula ena, ndipo tikamadutsa pamsewu timaona kuti afika kale pa lintala.

Ndine wowerenga wanu,
Msungichuma wa komiti ya matenda ndi maliro,
Zomba